Mtengwa Wobereka Chikwama

Ine ndi koleji tinasiyana mwamtendere m'chaka chachiwiri. Pali anthu amene amanena kuti ndinawididwa chifukwa cholephera mayeso, koma anthu amenewo panalibe pamene zinkachitika. Choona n'chakuti aphunzitsi ankafunsa mafunso awo, ine n'kumayankha mafunso ena, ndipo titaona kuti sitikumvana tinatsanzikana ngati anthu akuluakulu. Ndinabwerera kumudzi kwathu, chakufupi ndi boda ya Mchinji, nditanyamula matiresi ndi Chingerezi. Matiresi anapeza ntchito tsiku lomwelo.

Chingerezi chija ndinkapita nacho pa boda m'mawa uliwonse ngati munthu wopita ndi mbuzi kumsika, n'kumabwerera nacho madzulo chisanagulidwe. Pa boda aliyense ali ndi chochita. Madalaivala a mathiraki amadikira mapepala, maejenti amathamanga ndi mapepalawo, anyamata osintha ndalama amaitana aliyense kuti bwana. Ine ntchito yanga inali kuima pomwe mabasi ochokera ku Chipata amatsitsira anthu, manja kumbuyo, n'kumaoneka ngati ndikuyang'anira zonsezo. Akapezeka munthu wosokonezeka, ndinkamulozera zenera loyenera. Udindo umenewu panalibe amene anandipatsa, choncho panalibenso amene akanandichotsa.

Koma chimene chinkandiimika pamenepo chinali tsidya la msewu, pakhonde la golosale ina. Panali mtsikana wosoka ndi makina opalasa ndi phazi, amene ankaika zigamba pa mathalauza a madalaivala ndi kusoka mayunifomu a ana asukulu. Tinadziwana tili ku pulayimale. Nditabwerako ku koleji, anthu onse ankandifunsa kuti chachitika n'chiyani. Iye yekha anandifunsa ngati ndadya. Ndinamufunsira chaka chomwecho, ndipo anavomera akuluma ulusi. Ankhoswe a mbali zonse anakumana. Malume ake, bambo wachikulire woweta ng'ombe, anavomera ndi pakamwa, maso akukana. Anati chinkhoswe chichitike fodya akatha kugulitsidwa, ndipo pakali pano akhala akundiyang'anitsitsa. Kwathu mkazi ndiye amatengedwa kudzakhala kwa mwamuna, ndiye kuti mtsikanayo akanadzakhala pakhomo pa amayi anga. Pa zinthu zonse zimene ndinayambapo m'moyo wanga, ukwati umenewu ndi wokhawo umene unali usanandifere m'manja.

Mlendo anafika mwezi wa Juni, m'mawa wozizira woti ngakhale osintha ndalama anali atabisa manja m'khwapa. Poyamba ndinangoona chikwama chikutsika m'basi. Chinali chachitali, cha malamba ambirimbiri, kapu ikulendewera mbali ina, nsapato mbali inayo. Kenaka chikwamacho chinatembenuka, ndipo kutsogolo kwake kunali mzungu wamkazi wamsinkhu wanga, atavala kabudula. Anyamata a kabaza anamuzinga nthawi yomweyo, aliyense akulumbira kuti njinga yake ndi yokhayo imene ili ndi mabuleki. Ndinawoloka pang'onopang'ono, monga amayendera anthu a maudindo, n'kumupatsa moni wa m'buku.

Anandiuza kuti anachoka kwawo ku Ulaya miyezi yambiri yapitayo, ndipo wakhala akuyenda dziko ndi dziko ndi chikwama chomwecho. Ndinamufunsa ngati kwawoko anamuthamangitsa. Anati ayi, akungofuna kuona dziko. Ndinagwedeza mutu ngati zimenezi zimachitika. Ku Malawi kuno ankafuna zinthu ziwiri: kugona m'mudzi weniweni, osati kumalo ogona alendo, ndiponso kulowa m'nkhalango yowirira, ya zingwe zolendewera ndi anyani okuwa m'mwamba. Ndinamuuza kuti zonsezo zili kwathu. Mudzi unalipodi. Nkhalango nayo inalipo, agogo awo a bambo anga anaiona ndi maso.

Popeza ndine munthu wadongosolo, ndinayamba ndapita naye pakhonde paja kuti bwenzi langa amve nkhaniyi kuchokera kwa ine. Anamuyang'ana mlendoyo kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zake zazikulu, n'kuseka chamumtima. Anati sindingapite naye kwa amayi miyendo ili pamtunda choncho. Anatulutsa chitenje chake m'jumbo, n'kumumanga m'chiuno ndi manja ake, akumuonetsa popisira nsonga. Ndimaikumbukira mfundo imeneyi nthawi zambiri. Anamumanga yekha.

Amayi anamulandira ngati mvula yoyamba. Muyenera kudziwa kuti chibwerereni ine ku koleji, amayi ankakhala benchi yakumbuyo kutchalitchi, ndipo mapemphero akatha ankatuluka msanga anzawo asanayambe kufunsa za mwana wophunzira uja. Tsopano mwana yemweyo anali atabwera ndi mzungu pakhomo, akulankhula naye osapunthwa. Anamuyalira mphasa yatsopano m'chipinda chimene ankagona mlongo wanga asanakwatiwe. Madzulo mlendo anatulutsa kachikwama kake, n'kundiuza kuti ndifunse mtengo wa malo ogona ndi chakudya. Amayi anaimika ntchito imene ankagwira. Anati ndimuuze kuti pano si resitihausi, pano ndi pakhomo pa anthu. Ndinamasulira mofewetsako. Mlendo analengeza misozi. Anati m'maiko onse amene wadutsa sanaonepo mtima wotere, ndipo popeza ndalama zakanidwa, iye abwezera ndi manja ake: agwira ntchito iliyonse ya pakhomo. Ndinamasuliranso. Amayi anati mwana ameneyu analeredwa.

M'mawa mwake ndinadzutsidwa ndi phokoso la tsache. Nditatuluka ndi mswachi m'kamwa, ndinapeza mlendo atawerama pakati pa bwalo, chitenje m'chiuno, duku kumutu, akusesa. Amayi anali pakhonde, akumulozera ndi chala malo amene wadumpha. Atatha kusesa anamuika nkhata ndi ndowa pamutu, ulendo wa kumjigo, kumene amayi a mudzi wonse amakhala pamzere nthawi imeneyo. Anabwerako theka la madzi lili m'ndowa, theka lili pamsana pake. Otsalawo anawatereka pamoto, ndipo atafunda amayi anamuuza ndi manja kuti akawaike kubafa, asambe bambo.

Ndinaima ndi mswachi uja mpaka thovu linauma. Kwathu kuli munthu mmodzi yekha amene amafika pakhomo dzulo lake ndi mnyamata wa pakhomopo, n'kulawirira kusesa bwalo, kutunga madzi, ndi kuwotchera bambo a mnyamatayo madzi osamba. Munthu ameneyo ndi mtengwa, mkazi watsopano. Mlendo wathu, pofuna kuona moyo wa kumudzi, anali atachita zonsezo m'ndondomeko yake yeniyeni dzuwa lisanakwere, osadumphapo ndi chimodzi chomwe.

Bambo ndi amene anamalizitsa. Bambo anga ndi munthu wamanyazi, ndipo Chingerezi chawo chimathera pa magiredi a fodya. Ankaopa kuti mlendo awafunsa chinthu, iwo n'kusowa choyankha pamaso pa akazi awo. Ndiye akangomva mawu ake pabwalo, ankalowa m'chigafa n'kuyamba kusankha fodya amene anasankha kale. Akakumana naye panjira ankapatukira m'munda, n'kunjuta pataliko, akuomba m'manja maso ali pansi. Umu ndi mmene bambo waulemu amachitira ndi mkazi wa mwana wake. Anthu odutsa ankaima n'kumayamikira kuti pakhomo pathu mwambo ukadalipo.

Patapita masiku angapo mlendo anapita yekha kumsika, n'kubwerako atasenza shuga, sopo, mchere ndi chitenje chatsopano cha amayi. Anadutsa nazo pakati pa mudzi, akupatsa moni aliyense. Madzulo ake kumjigo dzina lake linali litakhazikika: mtengwa wa kwa amayi a mwana wa koleji. Ndinapita kwa amayi ndili ndi nkhope ya maliro. Ndinawauza kuti anthu akunena kuti ameneyu ndi mkazi wanga.

“Ine ndawauza choncho?”

“Simunawauze, amayi, koma simukukana.”

“Chaka chatha anthu omwewo ankati mwana wanga ndi mbuli imene koleji yabweza. Sindinakane. Lero akunena zabwino, ndiye ndiyambe kukana?”

Anapitiriza kuswa mtedza.

Ndinayesa mbali inayo. Ndinauza mlendo kuti apumeko, ntchito za pakhomo azisiyire eni ake. Anandiyang'ana mokhumudwa, n'kundipatsa phunziro lalitali lonena kuti iye si mlendo wongojambula zithunzi, ndiponso kuti amuna ngati ine timangokhala pamthunzi amayi athu akuthyoka msana. Mbali yachiwiriyi ndinalibe nayo mtsutso. Ndiye ndinamuuza mosabisa zimene mudzi ukuganiza. Anaseka mpaka kukhala pansi. Anati nkhani imeneyi akaifotokoza kwawo anthu akafa ndi phwete, ndipo anadzuka kukathandiza amayi kupeta. Poyamba anati akhala masiku ochepa, koma tsiku lililonse amayi ankamuonetsa chinthu china chatsopano, kusinja, kuthothola mtedza, kuzira, ndipo chikwama chija chinkangokhala pakona osamangidwa. Kumufunsa mlendo tsiku limene anyamuke, kwathu ndi chimodzimodzi kumutulutsira katundu panja. Ndinkangochiyang'ana chikwamacho ndikamadutsa, ngati mmene umayang'anira mitambo pamene chimanga chili poyanika.

Bwenzi langa poyamba ankaseka nazo. Madalaivala ankamunena kuti wagonja pa mpikisano wa maiko, iye n'kumawayankha kuti mzunguyo akanditenga amusiyireko risiti, chifukwa katundu wotere amabwezedwa. Ndinkafika pakhonde paja madzulo, iye n'kundifunsa kuti mkazi mnzake wadzuka bwanji. Tinkaseka tonse, ine mokwezako kuposa mmene nthabwalayo inkafunikira.

Lamulungu lina bwenzi langayo atatuluka kutchalitchi anabwera kwathu kudzaona amayi, monga ankachitira kale. Masiku onse akafika ankangovula nsapato n'kulowa kukhitchini. Tsiku limenelo amayi anamuyalira mphasa pakhonde ngati mlendo wochokera kutali, ndipo amene anatuluka m'khitchini ndi mbale ya mbatata, n'kugwada pomupatsa, anali mzungu uja. Kenaka amayi anamutenga bwenzi langalo kukamuonetsa m'nyumba. Anamuonetsa pansi pamene mlendo anazira, posalala ngati simenti. Anamuonetsa mapoto mmene akuwalira. Anati atsikana a masiku ano amadziwa kukhala pampando n'kumapalasa makina, koma uyu, wochokera kumene kuli magetsi m'chimbudzi momwe, amadzuka tambala asanatsike. Mlendo anandikoka malaya kufunsa zimene amayi akunena, ndipo ine, poti ndiyo ntchito yanga, ndinamuuza. Anachita manyazi mokondwa. Bwenzi langa anadya mbatata imodzi, n'kuthokoza, n'kunena kuti ali ndi zosoka zofulumira. Linali Lamulungu, ndipo iye sasoka Lamulungu.

Apa ndinaganiza zochita chinthu chanzeru. Mlendo anabwerera zinthu ziwiri. Mudzi anali atauona mpaka kuuzira. Ndikamuonetsa nkhalango, ndiye kuti zake zatha, amanga chikwama. Tinanyamuka m'mawa kulowera kuphiri, iye atavalanso nsapato zake zazikulu, botolo la madzi m'chiuno, kamera pachifuwa. Ine ndinatenga chikwanje cha bambo kuti ulendowo uoneke woopsa.

Tinadutsa minda ya chimanga yokololedwa kale. Tinadutsa minda ya fodya, mapesi ali njo. Tinafika pamene nkhalango inkayenera kuyambira, ndipo tinapeza zitsa. Zinali zambiri ndithu, zina zazikulu zoti anthu atatu n'kukhalapo, ndipo ndinamufotokozera chilichonse mwaulemu wake: apa panali muwanga, apa panali mlombwa, apa akuti kambuku ankagonapo masana. Anandifunsa kuti anyani ali kuti. Ndinati nthawi ino ya chaka amakhala ku Zambia. Chakumtunda tinaona utsi, ndipo titayandikira tinapeza uvuni wa makala. Eni ake ataona mzungu wa kamera ndi munthu wa chikwanje, anaganiza kuti ndife a zankhalango. Anathawa onse, kusiya poto wa nyemba ali pamoto. Nyama zothamanga zimene tinaona tsiku limenelo ndi zimenezo.

Dzuwa lili pamutu, pamene ndinayamba kukonza mawu opepesa, tinafika pakhwawa lina lakuya kumene nkhwangwa zinalephera kutsikira. Mmenemo munali mitengo yeniyeni, mthunzi wakuda bii, ndi zomera zoyanga kuchokera m'mwamba mpaka pansi. Mlendo anaika dzanja pamtima. Asanandidikire anatsetsereka kulowa, ine n'kumutsatira ndi matako. Nditafika pansi ndinamupeza ataima pansi pa chingwe china choyanga, akusisita ndi chala tizipatso topindika, tofiirira, taubweya ngati mwana wa mphaka. Chinali chitedze, ndipo Juni ndiyo nthawi yake. Ndinatsegula pakamwa, koma mawu ake a Chingerezi sanalimo m'silabasi ya zaka ziwiri zimene ndinaphunzira. Ndili mkati mofufuza, iye anakoka chingwecho kuti ajambule bwino. Fumbi lagolide linatsika pang'onopang'ono m'kuwala kwa dzuwa, n'kutigwera tonse awiri. Kunena zoona linali lokongola.

Amene sanayabwidwepo ndi chitedze ndilibe naye mawu. Tinatuluka m'khwawamo mosatsata ulemu, tikudzikanda ngati agalu a utitiri. Mankhwala amene ndinkawadziwa ndi matope basi, ndiye tinathamangira kudambo la kumunsi. Ndinadzipaka m'khosi ndi m'manja, iyenso chimodzimodzi, koma fumbi lambiri linali litamulowa kumsana kudzera pakolala, kumene manja ake sankafika. Analira, akundipempha. Ndikufuna zidziwike kuti ndinamupaka matopewo nkhope yanga itayang'ana kumwamba, ngati munthu amene akupempherera mvula. Nditatsitsa maso ndinaona amayi anayi a m'mudzi mwathu ataima m'dimba tsidya lina, makheni othirira ali m'manja, madzi akungotayikira pamapazi awo. Mmodzi anatipatsa moni. Ndinayankha kuti tili bwino, kaya iwo.

Nkhaniyo inafika pa boda matope asanaume m'makutu mwanga.

Malume a bwenzi langa anabwera m'mawa wa tsiku lachiwiri lake, panjinga, atavala jekete. Anaimika njingayo pamtengo wa mango n'kukhala pampando umene ndinawapatsa, chipewa pabondo. Tisanamalize moni, mlendo anatuluka m'khitchini, khosi lidakali lofiira, atanyamula beseni ndi jagi. Anagwada pamaso pawo bwinobwino, monga anamuphunzitsira amayi, n'kuwathirira madzi m'manja kuti amwe tiyi. Malume anasamba pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

“Akoleji,” anatero osandiyang'ana, “awa ndani?”

“Ndi mlendo woona malo, bambo.”

“Oona malo ine ndimawadziwa. Amaima pamsewu n'kujambula ng'ombe zanga. Sindinaonepo wina atagwada.” Anakutumula madzi m'manja. “Chabwino. Poti ndi bizinesi, amalipira bwanji?”

Limenelo linali khomo lotulukira, ndipo malume anachita kunditsegulira okha. Ndinakoka mpweya kuti ndinene chilichonse. Koma amayi anayankha ali pakhomo la khitchini, mokweza kuti ndi oyandikana nafe omwe amve, kuti mwana wa pakhomo salipira.

Malume anagwedeza mutu, n'kupempha kuti aonane ndi bambo. Ndinakawaitana m'chigafa. Bambo anatuluka akudzisansa fumbi la fodya, koma ataona kuti mzungu wagwada pafupi ndi mpando wa alendo, anaima. Anabwerera m'mbuyo mpaka pankhokwe, n'kunjuta pamenepo, akuomba m'manja chapatali. Malume anawayang'ana nthawi yaitali. Mlendo anandinong'oneza kuti bambo achikulirewa akuti chiyani, ndipo ndinamuuza kuti ayamikira madzi, ndi ofunda bwino. Mlendoyo anamwetulira. Malume anavala chipewa, natenga njinga yawo. Tiyi anazizira pomwepo.

Masana amenewo ndinakhala ndi mlendo kuseri kwa nyumba n'kumufotokozeranso zonse, ulendo uno osaseka. Ndinamuuza za chinkhoswe, za malume, za mtsikana amene anamumanga chitenje uja. Nkhope yake inasintha. Anafunsa chifukwa chake sindinamuuze kale. Ndinati ndinamuuza, koma nkhope yanga ili ndi vuto loti anthu sadziwa pamene ndasiya nthabwala. Madzulo anamanga chikwama. Amayi analira ngati pachoka mwana wobereka okha. M'mawa anamupatsa thumba la mtedza ndi nkhuku yamoyo, imene tinaimangirira pamwamba pa chikwama, ndipo amayi a m'mudzi anamuperekeza mpaka kumsewu. Wina atafunsa kuti abweranso liti, amayi anayankha kuti zimatengera mapepala.

Chikwamacho ndinabereka ndine mpaka pa siteji ya maminibasi a ku Lilongwe. Mlendo anaumirira kuti awoloke kaye msewu akapepese. Bwenzi langa anaimirira, n'kumugwira chanza ndi manja awiri, n'kumufunira ulendo wabwino. Panalibe chilichonse choipa pankhope pake. Minibasi itadzaza, mlendo anatulutsa mutu pawindo n'kundiuza kuti ngakhale zathera chonchi, masiku amene wakhala kwathu ndi abwino kuposa onse a ulendo wake. Nkhuku nayo inanenapo zake. Ndinabayibitsa mpaka fumbi litatha, n'kuwolokanso msewu ndikuyenda ngati munthu amene wabweza ngongole ya mudzi wonse.

Bwenzi langa ndinamupeza akusoka siketi ya yunifomu. Ndinaima kutsogolo kwa makina n'kulengeza kuti mlendo wapita, ndipo ndili wokonzeka kulumbira pamaso pa malume, abusa ndi aliyense kuti kudambo kuja kunali chitedze basi.

“Ndikudziwa,” anatero, phazi likupalasabe. “Inu simungachite zimenezo. Mulibe mtima wake.”

Ndinathokoza, ngakhale sindinadziwe ngati ndi chiyamikiro. Ndinati ndiye basi, nkhani yatha, tikawauze malume. Anaimitsa makina.

“Malume nkhani yawo ndi ya kudambo. Imeneyo ndikanaithetsa ndekha. Yanga ndi ina.” Anadula ulusi ndi mano. “Uja amasesa akuseka chifukwa tikiti yobwerera inali m'chikwama. Ine ndikabwera pakhomo paja ndidzasesa mpaka kukalamba, ndili ndi mimba, ndikudwala, nditasoka tsiku lonse. Ndipo m'mawa uliwonse amayi anu azidzaima pakhonde n'kumakumbukira mmene ankasesera mzungu. Munthu amene anapita sungapikisane naye. Salakwitsanso.”

Ndinati amayi aiwala. Ndinati ndilankhula nawo, ndipo ulendo uno ndilankhula mwamphamvu. Anandiyang'ana mmene amayang'anira thalauza limene mwini wake akuumirira kuti likhoza kusokedwanso.

“Lamulungu lija amayi anu akundiyendetsa m'nyumba kundionetsa pozira, inu munali kuti?”

“Ndinali pomwepo.”

“Munkatani?”

Ndinayesa kukumbukira chinthu china chimene ndinkachita, koma panalibe. Ndinati ndinkamasulira.

“Munkamasulira,” anatero. Sanakweze mawu. Anati wauza kale malume kuti atumize ankhoswe sabata yamawa akathetse zonse mwaulemu, ndipo palibe amene adzanyozedwe. Anati sakundida. Anakonza nsalu pansi pa singano.

Kumbuyo kwanga thiraki inaliza hutala, ejenti wina anadutsa akuthamanga. Ndinafufuza m'mutu mwanga m'zinenero zonse ziwiri, ndipo ndinangopezamo funso limodzi. Ndinamufunsa ngati pali chilichonse, chilichonse, chimene ndingachite.

Anaganiza kanthawi, moona mtima, ngati akufunadi kundipezera kanthu.

“Sunthani pang'ono,” anatero. “Mukunditchingira kuwala.”

Ndinasuntha.